Mmisiri Amene Tinamulanga ndi Ulemu

Pa depoti yathu ya mabasi ku Tianjin sunkafunika kulakwa kuti tikuchite chihong. Kumeta tsitsi kunali kokwanira. Nsapato zatsopano, kalata yochokera kutali, kukhala benchi limodzi ndi mtsikana masiku awiri otsatizana, yonseyi inali milandu. Unkangolowa mu kantini masana, wina n'kudzutsa mutu m'mbale mwake n'kuyamba chapansipansi, "Ooooo!" Wachiwiri n'kulandira, wachitatu n'kuyamba kumenya chivundikiro cha mbale ndi timitengo todyera, ndipo usanafike pawindo lolandirira mpunga, anthu makumi asanu akukukuwiza, ena osadziwa n'komwe kuti nkhani ndi yotani. Osadziwawo timati akuchita chihong chakhungu, ndipo ndi amene amang'amba kukhosi kuposa onse.

Anthu a mabuku amalemba kuti qihong, ndipo amati ndi phokoso la gulu lopanda mwambo. Sindiwatsutsa kwenikweni. Ine Pang Guilan ndinagulitsa matikiti m'basi zaka khumi ndi zisanu, ndipo chihong choipa ndinachiona. Basi ikafa pakati pa mlatho, okwera ankakuwiza dalaivala ngati injiniyo waidya yekha. Koma cha mu kantini chinali china, chinali ndi mwambo wake ngakhale palibe anaulemba pakhoma. Wochitidwayo ntchito yake ndi kufiira makutu, kukana, kutukwana pang'ono kuti "Chokani apa, agalu inu!", kukananso, kenako n'kugonja. Aimbe, kapena ationetse kalatayo, kapena mawa abwere ndi thumba la njere za mpendadzuwa titafune tonse. Akagonja nkhani yatha, ndipo uja amakuwa kwambiri ndi amene mawa amubwereke njinga.

Luan Deshun anafika pakati pathu mu 1984, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Kwawo kunali kumudzi ku Shandong, ndipo anali atatha zaka zambiri ku usilikali akukonza malole. Anali chimunthu chachitali, chakhosi lalikulu, choyenda mowongoka ngati chameza mtengo wa tsache. Sankayankhula zambiri, mwina chifukwa akatsegula pakamwa pankatuluka kayankhulidwe kakumudzi kamene ife a m'tauni tinkakamva mwa apo ndi apo. Masana ankadya mabanzi awiri ophika ndi nthunzi, ndiwo yake anyezi wamasamba wosaphika, amene ankamuluma ngati mzimbe. Mkazi ndi ana awiri anali atatsala kumudzi kudikira makalata owaloleza kukhala m'tauni.

Sabata yake yachiwiri, lamba wa chikwama changa cha matikiti anaduka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali kutukwana ndekha pakhomo pa galaja pamene iye anatambasula dzanja. Ndinamupatsa chikwamacho n'kuiwala. Munthu wina aliyense akanachisiya pa ofesi. Iye ayi. Anachisoka bwinobwino ndi kachikopa ka mpando wakale wa basi, nachipukuta, n'kulowa nacho mu kantini masana anthu ali tho. Anadutsa matebulo onse mpaka pamene ndinakhala, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Pafupi nane panali Hao Jinbao, dalaivala wa basi yanga, amene tonse tinkamutcha Hao Chikamwa. Pa depoti ponse panalibe woyambitsa chihong ngati iye. Anaika timitengo take pansi mwapang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa mphatso yosayembekezera.

"Ooooo! Taonani, anzanga! Msilikali wabweretsa chikole!"

Kantini yonse inalandira. Zivundikiro zinalira, mapazi anagunda pansi, ndipo ophika anasuzumira pawindo. "Landira! Landira! Landira!" Ine ndinachita mbali yanga monga mwa mwambo. Ndinafiira, ndinanyema banzi n'kumugenda nalo Hao pamphumi.

"Tseka chimbudzi chakocho, Chikamwa! Anthu akudya!"

Zikanathera pomwepo. Luan akanangoseka, kapena kutukwana, kapena kungokanda m'mutu, tsiku lomwelo akanakhala wathu. Koma nditamuyang'ana ndinaona kuti makutu ake sanafiire. Nkhope yonse inali itayera ngati ufa. Anatembenuka ndi zidendene monga amachitira pa perete, natuluka, n'kulunjika ku ofesi ya mlembi wa chipani.

Lero ndimamumvetsa. Masiku amenewo mphekesera ya mwamuna wapabanja ndi mtsikana inkatha kumuchotsetsa munthu ntchito, ndipo ku usilikali iye anaonapo mnzake akubwezedwa kumudzi chifukwa cha nkhani yotere. Kwawo mawu ngati amenewo mabanja amatengerana makasu. Iye ankaganiza kuti akuteteza dzina lake ndi langa. Koma tsiku limenelo sindinamvetse chilichonse, ndinangopsa mtima. Kodi ndinali wonyansa motani kuti munthu athamangire ku ofesi atangotchulidwa pamodzi ndi ine?

Mlembi wathu, a Geng, anali mwana wa Tianjin weniweni, ndipo masana omwewo ndinawaona ndi maso angawa akumenya chivundikiro chawo. Koma nkhani ikafika patebulo la ofesi siibwerera yokha. Loweruka anaitanitsa msonkhano wa depoti yonse, ndipo Hao anaima kutsogolo kuwerenga kalata yodzidzudzula ya masamba atatu.

"Ine Hao Jinbao, chifukwa chosazama m'maphunziro ndi kulekerera pakamwa panga, ndinatulutsa mawu akuti 'ooo' pa nthawi ya chakudya, ndipo ndinasocheretsa khamu."

Tinaluma mikono ya majekete kuti tisaphulike. A Geng ankangoyang'ana kudenga, nsagwada zikunjenjemera. Koma zotsatira zake sizinali zoseketsa. Dzina la Hao linachotsedwa pa bolodi la antchito achitsanzo chaka chimenecho, ndipo mayi anga atamva kuti dzina langa latchulidwa pa msonkhano, ananditsekera m'nyumba mwezi wathunthu, kuntchito ndi kubwerera basi.

Palibe amene anaitanitsa msonkhano wina wogamula chilango cha Luan. Zinangochitika. Lolemba atalowa mu kantini, Hao anaimirira, nawerama pang'ono, n'kumukokera benchi.

"Mwaswera bwanji, a Luan Shifu? Khalani apa, pali kadzuwa."

Shifu ndi mmene timaitanira mmisiri amene tikumulemekeza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala limenelo. Pa depoti tonse tinali a "iwe", ngakhale a Geng kuseri tinkangoti mdala Geng, koma Luan yekha anali "inu". Akalowa, phokoso linkatsika ngati wina wachepetsa wailesi. Tinkamupatsa moni, kumupatsa njira, kumufunsa za nyengo, ndipo akatuluka wailesi inkakweranso.

Poyamba chinali chipongwe. Kenako chinakhala chizolowezi. Pomaliza, ndipo apa ndi pamene panavuta, ulemuwo unasanduka weniweni, chifukwa mmisiri ngati iye sitinamuonepo. Ankagunditsa sikuludalaivala pa injini, chogwirira n'kuchiika kukhutu, n'kukuuza chimene chidzafe Lachinayi. Nthawi yachisanu, madzi akamauma m'mapaipi, iye ankakhala atafika kale m'mawa ndi ndowa za madzi otentha kudzutsa mabasi amodziamodzi. Madalaivala ankalimbirana basi imene mabuleki ake wagwira ndi Luan. Munthu wotere umayamba bwanji kumugemula pambuyo pa zaka khumi? Achinyamata obwera kumene tinkawatsina khutu tsiku loyamba: "Aja ndi a Luan Shifu, osawayamba." Chifukwa chake sankafunsa, ndipo nafenso tinayamba kuiwala.

Mkazi wake anabwera m'tauni mu 1991. Mwana wake wamkazi atakhoza mayeso opita ku yunivesite, Luan tinamugwira chanza mmodzimmodzi. Akanakhala wina tikanamukuwiza sabata yonse mpaka atabweretsa maswiti. Iye anabweretsa osapemphedwa, thumba lalikulu, naliika pakati patebulo. Aliyense anatenga imodzi n'kuthokoza. Madzulo ndinamuona akumanga thumba lija, litangotsika pang'ono, n'kulipachika pa njinga. Ku ukwati wa mwana wake wamwamuna tinapita ambiri, tinakhala mwaulemu, tinadya, n'kubalalika. Ndinamva pambuyo pake kuti akuchikazi anafunsa ngati kuntchito kwa apongozi kwagwa maliro.

Wovutika kwambiri anali Hao. Chaka chimene Luan anaikitsa mano, analowa nawo mu kantini ali mbee ngati mbale zadothi zatsopano, akulu pang'ono kuposa pakamwa pake. Hao anawaona. Anatupa masaya, maso anatuluka misozi, khosi linafiira. Ananyamuka osamaliza mpunga. Ndinamutsatira poganiza kuti watsamwidwa, n'kumupeza kuseri kwa malo otsukira mabasi, atagwira khoma, akulira yekha chapansipansi, "Ooooo."

Matikiti atayamba kugulitsidwa ndi bokosi, ine anandisamutsira ku ofesi yotulutsa mabasi. Ntchito yanga inakhala ndandanda ya nthawi: basi iti inyamuke mphindi iti, ifike pa siteji iti nthawi yanji. Ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinanenepa, ndipo pa zonsezi ndinakuwizidwa mokwanira. Zaka zinapita mpaka 2008, pamene Luan anakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, nthawi yopuma pa ntchito.

Wopuma timatsanzikana naye masana mu kantini, ndi mbale za jiaozi, timitanda ta ufa wa tirigu tokutira nyama ndi masamba, chifukwa wonyamuka ulendo ndi zimene amadya. Akuluakulu akatha kuyankhula, timamuchita chihong chomaliza: akwere pa benchi aimbe. Iye amakana, ife timakweza, amakananso, timakwezanso, mpaka timunyamule. Kutalika kwa phokosolo ndi kumene anthu amakumbukira. Mpaka lero amati, "Mdala Shi tinamukuwiza mphindi makumi awiri, mpaka mbale ziwiri zinasweka." Pa zaka zanga zonse, mmodzi yekha ndi amene anachoka opanda chihong, woyang'anira wina amene ankatinenera kwa akuluakulu. Ameneyo tinamuwombera m'manja bwinobwino n'kubwerera ku ntchito.

Kutatsala masabata atatu, Luan analowa mu ofesi yanga chipewa chili m'manja. Anatseka chitseko, anaganiza kaye, n'kuchitsegulanso mpaka chinagunda khoma.

"A Pang, ndimati ndifunse za tsiku langa lija."

"Zonse zili m'malo, Shifu. Jiaozi za nkhumba ndi kabichi, akuluakulu ayankhula mphindi khumi."

"Nanga zija?"

"Ziti?"

"Phokoso lija."

"Aa, musadandaule ngakhale pang'ono. Palibe adzatsegule pakamwa. Chikamwa ndidzamukhalira ndekha."

Anapotokola chipewa chija mpaka ndinachimvera chisoni.

"Ndi zimene ndikuopazo," anatero.

Ndinaika pensulo pansi. Iye ankayankhula akuyang'ana kalendala ya pakhoma.

"Ndinazindikira chaka chisanathe. Ndinakuonani mukuwakuwiza a Geng eni akewo atagula njinga yamoto, iwo akuseka mpaka kutsokomola. Ndinati, Deshun, waponda pamoto. Koma nanga munthu ungapite kwa anzako kukati, chonde ndisekeni? Ndinkati mwina chaka chamawa aiwala. Mano aja ndinasankha dala akuluakulu."

"Shifu!"

"Mayi a kunyumba amandifunsa kuti, kodi unawabera chiyani anthu aja, kuti azikulemekeza chonchi? Adzabwera tsiku limenelo. Sindikufuna adzaone ndikuchoka ngati mlendo amene anangogona usiku umodzi."

Manyazi amene ndinamva sindingawabise. Zaka makumi awiri ndi zinayi tinkadya naye m'chipinda chimodzi, ndipo ine amene nkhani inayambira pa chikwama changa sindinadzifunsepo kuti thumba la maswiti lija ankapita nalo kunyumba akumva bwanji. Ndinamuuza kuti asiye zonse m'manja mwanga.

Apa ndi pamene nanenso ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa monga mwa ntchito yanga. Ndinatenga pepala n'kulemba ndandanda. Thwelofu itadutsa ndi mphindi makumi awiri, akuluakulu ayankhula. Hafu pasiti, Hao ayambitsa. Tebulo lachiwiri lilandira, lachitatu limenya zivundikiro, achinyamata anayi amphamvu anyamula. Ndinapita nalo kwa Hao, amene tsopano anali ndi mimba yogunda chiwongolero ndi dazi lowala. Analiwerenga kawiri.

"Achemwali, mwadwala? Chihong sichiitanitsidwa ngati tayala la basi. Chili ngati kuyetsemula, chimabwera chokha."

"Munthu wapempha yekha, Chikamwa."

"Wapempha? Luan Shifu? Ndi pakamwa pake, ndi mano aja?"

"Ndi mano omwewo."

Anandibwezera pepala lija.

"Chabwino. Koma akandilembetsanso masamba atatu, mulemba ndinu."

Tsiku linafika. Kantini inadzaza, ngakhale opuma kale anabwera, a Geng ndi ndodo yawo. Luan anavala jekete yakuda yomanga mpaka pakhosi. Pambali pake panakhala mkazi wake, Sui Qiaoyun, kamayi kakafupi kamanja okhakhala, kamene mapazi ake sankafika bwino pansi. Tinkati alamu, koma kunena zoona palibe anali atachezapo nawo. Woyang'anira depoti anayankhula za mabuleki ndi ndowa za madzi otentha, tinawomba m'manja, ndipo hafu pasiti itakwana ndinamugwedezera mutu Hao.

Anaimirira, anakonza kukhosi, natsegula chikamwa chotchuka chija.

"O... oo."

Zinamveka ngati ng'ombe yodwala. Anayesanso, osatheka. Anayang'ana Luan, ndipo msana wake unawerama wokha monga unazolowera.

"Timati, ngati n'kotheka, a Luan Shifu atiimbireko kanyimbo."

Tebulo lachiwiri linawomba m'manja mwadongosolo, ngati tikulandira alendo ochokera ku likulu. Lachitatu linagogoda zivundikiro mosamala, kuopa kuzikanda. Achinyamata aja ankayang'anana, poganiza kuti mwina ndi msampha. Mawu ochepa anamveka apa ndi apo, "Imbani, Shifu, imbani."

Luan anachita mbali yake bwino lomwe, pakuti anali ataonerera zaka zambiri. Anagwedeza dzanja, nati, "Ayi, ayi, ine sinditha kuimba."

Apa mpamene timayenera kukweza. Koma zaka makumi awiri ndi zinayi Luan Shifu akati ayi, inali ayi. Hao, Hao Chikamwa yemweyo, anagwedeza mutu mwaulemu.

"Chabwino, Shifu, ngati simukufuna."

Ndipo anakhala pansi. Onse anasiya kuwomba. Munali zii, moti tinkamva mpope ukudontha kukhitchini. Hao anazindikira chimene wachita atakhala kale, n'kundiyang'ana ngati galu amene waswa mphika. Ine ndinayang'ana pepala langa, koma pa pepalapo panalibe mzere wonena zochita munthu akakana. Luan anaweramira mbale yake, natenga jiaozi imodzi, n'kuibwezanso. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kenako timitengo tinamenyedwa patebulo, phaa! Anali alamu aja. Anatsetsereka pa benchi n'kuima, ndipo ataima anali ofanana msinkhu ndi mwamuna wawo ali chikhalire. Mawu amene anatuluka m'kathupi kameneko anali oitanira munthu ali kutsidya kwa munda.

"Gousheng! Tanyamuka apo!"

Kumidzi, mayi amene ana ake akhala akumwalira amapatsa wotsatira dzina lonyansa kuti imfa imunyansidwe n'kumudutsa. Gousheng ndiye kuti Makombo a Galu. Ife a m'tauni mayina otere tinkangowamva m'nthabwala. Sitinaganizepo kuti mwini dzina lotere wakhala akutikonzera mabuleki.

"Miyezi itatu wakhala ukutiboola m'makutu pakhonde ndi nyimbo yakoyo! Nkhunda za aneba zinasamuka! Ndakusitira jekete, ndakwera mabasi awiri, lero ukuti sutha? Anthu akupempha mwaulemu, iwe ukudzikoka ngati mkwatibwi!"

"Mayi, khala pansi," Luan ananong'ona.

Hao anadzuka pang'onopang'ono. Maso ake anali akuwala ngati mmene ndinawaonera ndili mtsikana.

"Alamu, pepani, kuno kumbuyo sitinamve bwino. Mwati ndani?"

"Gousheng! Simudziwa dzina lake? Nanga zaka zonsezi mwakhala mukumuitana chiyani?"

Chimene chinatuluka mwa Hao sichinachokere kukhosi. Chinachokera pansi pa mimba ija, pamene chinakhala chikudikira kuyambira 1984. "Ooooooo!" Sindinaone amene analandira, chifukwa tonse tinalandira nthawi imodzi, ine ndemwe ndili pakati, pepala langa nditaliponda. Zivundikiro zinalira, mabenchi anagunda, a Geng ankamenya ndodo yawo pa ndowa ya zinyalala. Wophika wamkulu anatuluka akuwomba chiwaya ndi chipande. Amayi otsuka mabasi anathamanga kuchokera panja, magolovesi akudontha, n'kuyamba kukuwa asanafunse kuti kwagwanji.

"Gousheng! Gousheng! Pa benchi! Pa benchi!"

Ine ndinkayang'ana makutu ake. Anafiira. Anafiira mpaka kukhosi, mpaka padazi. Kenako anaimirira n'kumenya chibakera patebulo moti mbale zinadumpha, ndipo ndinati basi wapitanso kukatinenera, poti chitseko cha kantini chimayang'anana ndi ofesi. Anatambasula chala chake chakuda ndi girisi wa zaka zonse, n'kuloza Hao.

"Iwe Chikamwa, galu wopanda mchira iwe! Kalachi umaiponda ngati ukupha mphemvu, ndakhala ndikukusinthira mwakachetechete zaka zonsezi! Chokani apa nonse, sindiimba!"

Tinakweza. Anakananso, akutukwana m'chiyankhulo chakwawo mawu amene sitinawamve koma tinawalandira ndi manja awiri. Amene anamunyamula sanali achinyamata anga anayi aja, anali madala okhaokha, ena a misana yodwala. Ali m'mwamba choncho, alamu anandikoka mkono, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu aja a chikwama?"

"Ndine, alamu."

Anatembenukira kwa mwamuna wawo pa benchi paja, nakuwa kuti aliyense amve.

"Iwe! Unathamangira ku ofesi chifukwa cha awa?"

Chihong chinanditembenukira ine. Ndinagenda Hao ndi jiaozi, ndipo ndikuuzeni, ndinamupeza pamphumi pomwe.

Luan anaimba. Inali nyimbo ya kwawo, ya kumapiri, ndipo sindinamvepo kuimba koipa chotere. Mawu ankakwera pamene nyimbo ikutsika, mano ankagogoda pa mawu ataliatali. Ndime iliyonse ikatha tinkakuwa kuti "Tsika! Tsika! Watipha!", iye n'kuyamba ina. Inali ndi ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo sanatikhululukire ngakhale imodzi. Pofika yachisanu misozi inali ikutsika m'masaya mwake, osaipukuta, ndipo Hao amene ankatsogolera kukuwako ankapukuta yake ndi chipewa. Masana amenewo mabasi asanu ndi imodzi ananyamuka mochedwa, ndipo wolakwa ndinali ine.

Patatha miyezi iwiri ndinaona chinthu chachilendo m'mabuku anga. M'mawa uliwonse cha m'ma naini, mabasi a misewu yathu itatu ankataya mphindi imodzi pa siteji ya pamsika wa masamba. Madalaivala ndikawafunsa ankangoti, "Anthu ndi ambiri, achemwali," akubisa kumwetulira. Tsiku lina ndinakwera ndekha kuti ndikaone.

Tikuyandikira sitejiyo ndinamuona kutali, wowongoka monga kale, kathumba ka masamba m'manja. Dalaivala, mtsikana amene anali ndi chaka chimodzi chokha pa depoti, anatsegula chitseko n'kutulutsa mutu.

"Gousheng! Ukwera, kapena ukuwerenga matayala?"

"Choka apa, kamwana kopanda mwambo! Mabuleki akulira ngati nkhumba, sukumva? Ukauze alesi a ku galaja aja!"

"Tatiimbira kaye ndime imodzi!"

Okwera, osadziwa kuti mdalayo ndani, anayamba nawo, "Ooooo! Aimbe! Aimbe!" Iye anatiopseza ndi chibakera, makutu ali psuu, ndipo chitseko chinatsekeka iye osakwera. Ndinatsika pa siteji yotsatira n'kubwerera wapansi. Ndinapeza alamu atakhala pa kakhoma, akusenda nyemba.

"Mukudikira basi iti, alamu?"

"Basi? Sitikupita kulikonse. Msika uli pakhomo pathu penipeni, koma iye akuti masamba a kuno ndi abwino. Timayenda mphindi makumi awiri. Akatukwanizana ndi mabasi asanu, tibwerera."

Ina inali ikubwera kale, ikuliza hutala kuchokera pakona, ndipo Luan anali akukonza kolala ya jekete.

Ndinabwerera ku ofesi, ndinatenga pensulo, n'kuwonjezera mphindi imodzi pa siteji ya pamsika, misewu yonse itatu. Pa mzere wofunsa chifukwa ndinalemba kuti pamalopo pamachuluka magalimoto.